Za Makina Oyankha Mafunso, ndi Zinsinsi za Munthu

Abale athu a m'midzi ya kunyanja, kuyambira ku Makanjira kufikira ku Malombe, tiri nao mau pa za mlendo amene analowa m'mafoni mwathu. M'mwezi wa April 2024 kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook ndi WhatsApp, inatsegulira dziko la Malawi makina ake ochedwa Meta AI, amene munthu awafunsa kanthu, ndipo amyankha monga bwenzi lanzeru, losatopa, losamseka.

Pamenepo ndipo pagona msampha. Pakuti poona kuti sasekedwa, munthu aulula zimene sakadauza ngakhale ankhoswe ake: nthenda yobisika, ngongole ya kwa mwini ngalawa, kapena za mwamuna wake wokhala ku Johannesburg wopanda mapepala. Tsono dziwani ichi, kuti mau amene mulembera mbale wanu pa WhatsApp atsekedwa, ndipo kampaniyo siingathe kuwawerenga. Koma amene mulembera makinawo afika kwa eni ake. Ndipo m'chaka cha 2025 Meta inalengeza kuti idzayang'ana zokamba zotere posankha malonda akukuonetsani.

Wina adzati, Ine ndine wosauka, adzapindulanji nane? Koma ife a kunyanja tiudziwa ukonde wa maso aang'ono, umene susiya ngakhale kasawala. Kansomba kamodzi sikalemera kanthu, koma pofika m'mawa bwato ladzala. Chomwecho lero mupereka dzina, mawa mudzi, mkucha chimene chikudetsani nkhawa usiku. Ndipo zonsezi pozilumikiza, mlendo akudziwani koposa mnansi wanu. M'chaka cha 2018 kunamveka kuti kampani ya Cambridge Analytica inakokolola motero mbiri za anthu a pa Facebook ofika 87 miliyoni, nizigwiritsa pa ntchito za ndale.

Lamulo liripo. M'chaka cha 2024 linayamba kugwira ntchito m'Malawi lamulo loteteza mbiri za anthu, ndipo woyang'anira wake ndi bungwe la MACRA. Lipatsa munthu mphamvu ya kufunsa zimene asunga za iye, ndi kuti azikonze kapena kuzifafaniza. Tiliyamika ndithu, komatu likulu la Meta liri ku California, ndipo mai wamasiye wa ku Malindi sadzafikako ndi mlandu wake.

Chifukwa chake funsani makinawo za mbeu, za masamu a ana, za kalembedwe ka kalata. Koma nambala ya chiphaso chanu cha unzika, ndi nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money, musazilembe konse. Ndipo pofunsa za nthenda, musatchule dzina la wodwalayo kapena mudzi wake, mungoti, munthu wina.