Fulashi: Malo Ena Amapita Kuti?

Kapepala aka ndi ka inu alembi a makalabu a alimi ndi mabanki m'khonde, aphunzitsi, komanso achinyamata a m'dera la Mfumu Yaikulu Chigaru ndi madera oyandikana nawo a Lirangwe ndi Chileka.

Fulashi ndi kachipangizo kosaposa chala kutalika, kamene kamasunga makalata, zithunzi, nyimbo ndi mavidiyo. Sikafuna batire kapena intaneti. Mumangokalowetsa pa kompyuta, pa wailesi kapena pa TV. M'kati mwake muli tizigawo tiwiri: kena kosunga zinthu, kena koyang'anira kuti chilichonse chikhale pati. Luso losunga zinthu mwa njirayi analitulukira Fujio Masuoka wa kampani ya Toshiba ku Japan m'zaka za m'ma 1980. Mafulashi anayamba kugulitsidwa mu 2000, ndipo a kampani ya IBM a nthawi imeneyo anali a 8MB basi, malo a nyimbo ziwiri zokha.

Pachikuto 16GB, pa kompyuta 14.9GB

Dandaulo limene timalimva kawirikawiri ndi lakuti opanga amabisa dala malo ena kuti tigule fulashi yaikulu. Nkhani yake ili motere. Opanga monga SanDisk ndi Kingston akati 1GB amatanthauza mabayiti 1,000,000,000. Kompyuta ya Windows imawerenga m'magulu a 1,024, choncho kwa iyo 1GB ndi mabayiti 1,073,741,824. Katundu ndi yemweyo, chasiyana ndi muyeso. N'chifukwa chake ya 16GB imaonetsa pafupifupi 14.9, ya 32GB imaonetsa 29.8, ndipo ya 64GB imaonetsa 59.6. Apa palibe wakuberani.

Koma pali kachigawo kena kamene opanga amatsekadi mwadala. Tizipinda tosunga zinthu m'fulashi timatha mphamvu tikamalembedwa ndi kufufutidwa mobwerezabwereza, ndipo tina timatuluka ku fakitale tili tofa kale. Tsono opanga amapatula tizipinda tapadera toti tizilowa m'malo mwa towonongeka. Akanakupatsani malo onse, fulashi yanu ikanafa msanga. Enanso pang'ono amadyedwa ndi ndondomeko ya kasanjidwe ka mafayilo. Mukaona ya 16GB ikuonetsa 14.5, musabwerere nayo kwa wogulitsa, ili bwinobwino.

Palinso vuto lina losokoneza. Vidiyo ya ukwati ikukana kulowa, pamene malo alipo ambiri. Mafulashi ambiri ang'onoang'ono amabwera ndi kasanjidwe kotchedwa FAT32, kamene sikalandira fayilo imodzi yoposa 4GB. Wodziwa kompyuta akhoza kusintha n'kuika exFAT. Dziwani kuti kusinthaku kumafufuta zonse zili m'katimo, komanso mawailesi ena akale, ngati a m'maminibasi, satha kuwerenga exFAT.

Pamene pali wakuba weniweni

Fulashi yochepa pang'ono siyoopsa. Yoopsa ndi imene imadzitama kuti ndi yaikulu. Anthu achinyengo amatenga fulashi ya 8GB, n'kusintha kachigawo koyang'anira kaja kuti kaziuza kompyuta kuti muli 128GB, mwinanso 1TB. Alimife timaidziwa sikelo ya venda yochunidwa: muvi ukuloza kwina, chimanga chili china. Izinso n'chimodzimodzi.

Choipa chake n'chakuti masiku oyamba imagwira ntchito bwino. Mlembi amaikamo mayina a mamembala ndi ngongole zawo, mwana amawonjezera nyimbo, zonse zikutseguka. Tsiku limene mudzadutse malo ake enieni, fulashiyo sidzakana. Idzalandirabe, koma zatsopanozo zimangotayika, kapena zimalembedwa pamwamba pa zakale. Mayina a mafayilo amaonekabe onse, koma mukati mutsegule, ayi ndithu. Ndipo zimene zawonongeka motere kawirikawiri sizibwereranso, ngakhale mutapita nayo kwa katswiri ku Limbe.

Chizindikiro choyamba ndi mtengo. Fulashi ya 1TB imene ikugulitsidwa pa mtengo wa ya 16GB, isiyeni pomwepo, ngakhale chikuto chikhale chokongola ndi dzina la kampani yotchuka. Makatoni amasindikizidwa ndi aliyense. Achinyengo omwewa sanasiyenso mamemole khadi a m'mafoni.

Iyeseni musanaikemo chinthu chofunika. Pitani nayo kwa anyamata obena nyimbo pa Lirangwe kapena pa Lunzu, muwapemphe aidzaze ndi mavidiyo mpaka ithe malo. Kenako aitulutse, ailowetsenso, n'kutsegula mavidiyo oyamba kulowa, apakati ndi omaliza. Onse akaseweredwa bwino, fulashiyo ndi yoona. Palinso pulogalamu yaulere ya H2testw imene imachita ntchito yomweyi n'kukuuzani kukula kwake kwenikweni. Zimatenga nthawi, makamaka fulashi ikakhala yaikulu, choncho osapita mothamanga. Pogula funsani lisiti. Wogulitsa akakana kubweza ndalama pa katundu wachinyengo, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo otere.

Kwa kalabu kapena sukulu, 16GB kapena 32GB yoona ndi yokwanira. Makalata ndi mndandanda wa mayina sizidya malo. Amene amadya ndi mavidiyo.

Kasamalidwe

Musaizule ikadali kulemba, yambani mwaiuza kompyuta kuti mukuitulutsa. Magetsi a ESCOM akathima ili pakati pa ntchito, onaninso ngati mafayilo akutseguka. Isungeni m'kabotolo kouma kotseka, kutali ndi fumbi, chinyezi ndi dzuwa. Fulashi ya kalabu isamayendeyende pa makompyuta obenera nyimbo ikayamba ntchito, chifukwa mavairasi ambiri amafalikira kumeneko. Wofuna nyimbo agule yake. Ngakhale fulashi yoona imafa tsiku lina osachenjeza, choncho kaundula wa banki m'khonde akhalenso m'foni ya wapampando ndiponso m'kope la msungichuma.