Bambo anga akubanika usiku, kodi ndi mphumu?

FUNSO

Bambo anga ali ndi zaka 69, akhala akudwala shuga kwa nthawi yaitali ndipo kuchipatala anawauza kuti mtima wawo ndi wotupa. Sabata yatha anadzidzimuka pakati pa usiku akubanika, thukuta lili kamukamu, kugona chagada kukukanika. Pachifuwa sipankapweteka. Tinawafukiza masamba a bulugamu, aneba anabweretsa kopopera kawo ka mphumu, ndipo kutacha anapezako bwino. Bambowo akuti chinali chisanu chabe. Kodi mphumu imayamba kuukalamba?

Mwana wawo wamkazi, Thambani, Mwanza

YANKHO

Achemwali, mphumu ikhoza kuyamba pamsinkhu uliwonse, koma zomwe mwafotokozazi zikuloza kumtima. Bambowo akaonedwe kuchipatala msanga, ngakhale lero akuseka ndi adzukulu pakhonde.

Mtima wofooka umalephera kupopa magazi onse obwera kuchokera m'mapapo. Magaziwo akachulukana, madzi amalowerera m'timatumba ta mpweya ndipo munthu amakhala ngati akumira ali pamphasa. Masana madziwa amakhala kumiyendo, n'chifukwa chake nkhwayira kapena nsapato zimathina madzulo. Munthu akagona, madzi aja amabwerera kuchifuwa, ndiye vutoli limakonda usiku. Kukhala tsonga n'kumene kunawapepukitsa bambo anu. Bulugamu uja sanachitepo kanthu, ndipo kufunditsa bulangete pa mphika wotentha munthu amene akusowa kale mpweya n'kumuwonjezera mavuto. Kopopera ka anebako nako kamathamangitsa mtima.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mawu anu akuti pachifuwa sipankapweteka. Ambiri amatonthozedwa ndi zimenezi. Shuga akakhalitsa amawononga mitsempha yomvera ululu, moti mtsempha wodyetsa mtima ukhoza kutsekeka munthu osamva kuwawa kulikonse. Chomwe chimaoneka ndi phuma ladzidzidzi, thukuta lozizira, nseru kapena kufooka kosadziwika bwino. Kwa nkhalamba ya shuga, zimenezi zimawerengedwa ngati kupweteka kwa pachifuwa. Chibayo, chifuwa chachikulu, kuchepa kwa magazi ndi kufooka kwa impso zimabanikitsanso, ndipo palibe angazisiyanitse ali kunyumba.

Zikadzachitikanso, akhalitseni tsonga pampando miyendo ili lendelende, masulani zovala zothina ndi kutsegula mawindo. Musawakakamize madzi kapena phala. Akamalephera kumaliza chiganizo osapumira, milomo ikada, akatsokomola thovu lofiirira kapena akayamba kubwebweta, musadikire tambala. Ndikudziwa kuti kupeza galimoto usiku kwa Thambani si masewera, choncho gwirizanani lero ndi mwini galimoto kapena wa kabaza wa njinga yamoto, nambala yake ikhale m'foni mwanu. Ngati ndi njinga yamoto, wina akhale kumbuyo kwawo kuwagwira. Yambirani pachipatala chaching'ono chapafupi, chimene chingaitanitse ambulansi ya ku chipatala cha boma cha Mwanza. Kumeneko angawaike pa okosijeni ndi kuwabaya jekeseni ya furosemide, yomwe ambiri amaidziwa kuti Lasix, yochotsa madzi kudzera m'mkodzo. Zikafunika amatumiza wodwala ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kudzera pa Zalewa.

Tsono funsani bambowo mwaulemu, muli awiri: kodi mankhwala akumwa onse? Achikulire ambiri amadumphitsa mankhwala okodzetsa pa tsiku la maliro, la tchalitchi kapena la msika, poopa kumangodzuka pagulu kupita kokataya madzi. Ena amasiya akangomva bwino, ena mankhwala amawathera tsiku la sikelo yawo lisanafike. Yang'ananinso m'thumba la jekete lawo. Brufen ndi diclofenac, zomwe anthu amagula m'maokala chifukwa cha msana ndi mawondo, zimasunga madzi m'thupi ndi kulemetsa impso. Wodwala mtima asamwe zimenezi popanda dokotala.

Kukhitchini nakonso kuli mlandu. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza mchere wobisika mu nsomba zamchere, soda wa m'therere ndi timapaketi tokometsera ndiwo. Mbale ya mchere ichoke pamphasa yodyera. Usiku agone chotsamira mapilo, ndipo mukaona kuti mapilowo akuwonjezekera kapena kutupa kwakwera kufika m'mawondo, dziwani kuti madzi ayambanso kudzadza.

Mafunso ena mukhoza kufunsa ku Chipatala Cha Pa Foni, koma munthu akabanika musataye nthawi pafoni. Mawa m'mawa pitani nawo ku Mwanza boma, mutenge buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse omwe akumwa, a zitsamba omwe, ndipo mukawauze adokotala zonse za usiku uja monga mwandilemberamu.