Matayala a Ngolo: Aang'ono Kapena Aakulu?

Mlimi amene afuna kugula ngolo yokokedwa ndi galimoto ayenera kuyang'anitsitsa matayala ake asanatulutse ndalama.

Tayala la mainchesi 16, kuyeza kuchokera pansi kufikira pamwamba, lizungulira pafupifupi ka 780 pa kilomita imodzi. La mainchesi 24 lizungulira ka 520 kokha. Chifukwa chake laling'ono liperepeseka msanga, ndipo pa ulendo wautali litenthetsa mabeling'i, makamaka girisi ikauma. Pa mseu wa fumbi ligwera m'dzenje limene lalikulu lingodutsa pamwamba. M'dzinja ndiye zoipiratu, pakuti ekiselo ikhala pafupi ndi nthaka, nigwidwa m'matope.

Komabe laling'ono lili ndi ubwino wake. Ngolo ikhala yotsika, kotero kuti kukwezamo injini ya chigayo kapena njinga yamoto ya matayala anayi sikuvuta. Nlotchipanso. Kwa woyenda patala pokhapokha nlokwanira, koma wakumudzi asakopeke ndi mtengowo.

Pambali pa tayala pamalembedwa kulemera kumene lingasenze. Mlimi awerenge pamenepo, nakumbukire kuti matumba 10 a fetereza ndi makilogalamu 500, ndipo ngolo yomwe ili ndi kulemera kwake.