Konzani njinga Loweruka, Lamlungu mukapitidwe mphepo

M'makomboni a mu Harare, kuyambira ku Mabvuku ndi Tafara kum'mawa mpaka ku Rugare, Mufakose ndi Dzivarasekwa kumadzulo, makomo ambiri ali ndi njinga. Zina zimalawirira m'bandakucha kupereka mlonda kuntchito kapena kukapikula masamba ku Mbare Musika. Zina zinatsamiritsidwa kuseri kwa nyumba kalekale, matayala anaphwa, tcheni chinachita dzimbiri, ndipo ana amangoyanikapo zovala. Ife ana ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasaland, ku Chipata ndi ku Tete kudzagwira ntchito kunjanji, m'mafakitale ndi m'makhitchini a ku Salisbury (Harare wa lero), njinga timaidziwa ngati chida cha ntchito basi. Agogo athu ankadzimana miyezi yambiri kuti agule Humber kapena Raleigh, ndipo wobwerera kumudzi atakwera yake anthu ankadziwa kuti sanapite pachabe. Koma njinga yomweyo ingathenso kutulutsa banja m'komboni tsiku lopuma, osalipira kombi, n'kukaona madzi, mitengo ndi miyala zimene tayandikana nazo zaka zonsezi. Ulendo wotere kuti ukome, ntchito yake yaikulu imagwiridwa dzulo lake pakhonde.

Yambani ndi matayala, chifukwa ndiwo amene amabweza anthu ambiri panjira. M'mbali mwa tayala lililonse munalembedwa kukula kwake ndi mlingo wa mpweya umene limafuna. Njinga za magiya zimene zachuluka masiku ano zambiri ndi za 26, pamene zakale zazitali zija, za mabuleki a ndodo zachitsulo, ndi za 28. Lembani nambalayo musanapite kukagula chubu. Ku Siyaso ku Mbare ndi ku Gazaland ku Highfield kumapezeka zitsulo zamitundumitundu, zatsopano ndi zogwirapo kale ntchito, ndipo wopita chimanjamanja amabwerako ndi chinthu chosalowa. Nyamulani chakuthacho mukachiyerekeze ndi chatsopano. Onaninso valuvu: ilipo yonenepa yofanana ndi ya galimoto, ilipo yachikale ya kamphira mkati, iliponso yowonda ya njinga zampikisano. Pampu yanu iyenera kugwirizana ndi valuvu ya njinga zonse zimene zikupita pa ulendowo.

Tayala lopopa mosakwanira ndilo limaponcha msanga. Mukagunda m'mphepete mwa dzenje, limu imatsina chubu n'kusiya timabowo tiwiri toyandikana. Mukaona timabowo totere, musavutike kufunafuna munga; dziwani kuti mpweya unali wochepa. Popani mpaka tayala likane kubonyoka mukalidina ndi chala chachikulu.

Kumata chubu aliyense m'nyumba azidziwa, atsikana omwe. Tulutsani chubu ndi zotsegulira matayala, kapena ndi zogwirira za masipuni awiri ngati mulibe. Sikuludilaiva imaboola pena pamene panali pabwino. Popani pang'ono, muviike chubucho m'beseni la madzi chigawo ndi chigawo, mukuchitembenuza mofatsa, mpaka muone timathovu tikutuluka motsatizana. Ikani chizindikiro pamenepo, pukutani paume, ndipo palani ndi sandipepa malo okulirapo kuposa chigamba, mpaka mphira usiye kunyezimira. Pakani guluu wochepa kwambiri. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amamata guluu akadali wamadzimadzi, chigamba n'kumatuka asanafike n'komwe pamsewu waukulu. Dikirani mphindi zisanu, guluuyo aziralire mpaka asamamatirire chala, kenako ikani chigamba ndi kuchikanikiza mwamphamvu kuchokera pakati kupita m'mbali. Musanabwezere chubu, yendetsani zala mosamala mkati monse mwa tayala. Kagalasi kapena kawaya kamene kanaboola kamakhala kakadali momwemo, ndipo mukakasiya mumatanso kawiri. Suzumiraninso lamba amene amaphimba mitu ya masipoko mu limu. Ngati anaduka, dulani chubu chakale muzengereze m'malo mwake.

Tcheni chimafuna zinthu ziwiri, kutsuka ndi mafuta. Tengani mswachi wakutha ndi parafini pang'ono m'kachitini, tsukani mpaka dothi lakuda lija lichoke, pukutani ndi sanza, ndiye donthezani dontho limodzi la oyilo wopepuka pa mfundo iliyonse uku mukuzungulitsa pedulo chobwerera. Mukatha pukutaninso kunja konse, pakuti mafuta ofunika ndi amene alowa mkati. Otsalira kunja amangoitana fumbi, ndipo fumbi la Ogasiti ndi Seputembala likasakanikirana ndi mafuta limadya mano a kalanka. Oyilo wakuda wokhuthulidwa mu injini ndi mafuta ophikira musayese n'komwe, ngakhale anzanu akuuzeni kuti amatero. Pa njinga yopanda magiya, tcheni chizisewera pang'ono, ngati sentimita imodzi mukachikankha pakati. Chikamagwagwa pa kalanka, masulani manati a wilo lakumbuyo ndi sipanala ya 15, likokereni m'mbuyo pang'ono, muonetsetse kuti lili pakatikati, mumangenso.

Za mabuleki sindinyengerera munthu. Njinga yopanda mabuleki isatuluke pageti, ndipo mwana amene anazolowera kuimitsa ndi chidendene pa tayala aletsedwe lero lomwe. Finyani chogwirira chilichonse: chigwire chisanafike pa handulo. Mphira za mabuleki zikasalala mpaka mizere yake kufufutika, gulani zina, n'zotsika mtengo. Zizikhudza limu yokha, osati tayala. Chingwe cha buleki chimene chayamba kuyoyoka nsonga zake chimaduka tsiku limene mwachifinya mwadzidzidzi, choncho chisinthiretuni. Kumbukiraninso kuti limu zachitsulo za njinga zakale zikanyowa, mabuleki amachedwa kugwira.

Zotsalazo n'zachangu. Nyamulani wilo lililonse mulizungulitse. Likamapita uku ndi uku kapena mukapeza masipoko oduka, mupatseni mmisiri wa pansi pa mtengo kumashopu, chifukwa kuwongola wilo kumafuna dzanja lozolowera. Gwedezani handulo, chishalo ndi kaliyala, mumange chilichonse chokhwepa. Pomasula mapedulo dziwani kuti yakumanzere imamasuka mosemphana ndi manati ena onse. Ambiri aononga kalanka pokakamiza. Chishalo chikwezeni mpaka mwendo uwongoke chidendene chikaponda pedulo ili pansi. Chikatsikitsitsa, mawondo amawawa musanapite patali, ndipo ndi chifukwa chake amayi ambiri amene anabwerekapo njinga ya mwana amati kupalasa n'kozunza.

Ngati mukuchita kugula yogwirapo kale ntchito, yang'anitsitsani polumikizira felemu ngati pali ming'alu, ndipo lembani nambala imene inadindidwa kunsi kwa felemu, pakati pa mapedulo. Wogulitsa akulembereni kapepala kokhala ndi dzina lake ndi nambalayo. Njinga zakuba zimayenda m'manja ambiri, ndipo wopezeka nayo ndiye amayankha mlandu. Amene akufuna yolimba, yoti igwirenso ntchito mkati mwa sabata, aganizire za Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief, imene imapezeka ku Zimbabwe, Malawi ndi Zambia komwe. Ndi yolemera, koma kaliyala yake inapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 100.

Tsono mupita kuti? Ulendo woyamba ukhale waufupi, woti wamng'ono pa onse abwerere akufunabe wina. Banja lokhala ndi ana limayenda makilomita 10 kapena kuchepera pa ola, choncho werengerani mtunda ndi miyendo ya mwana, osati ya bambo.

Kwa a ku Mabvuku ndi Tafara, Cleveland Dam ili pakhomo penipeni, m'mbali mwa Mutare Road musanafike ku Msasa. Damuli linamangidwa mu 1913 kumutu kwa mtsinje wa Mukuvisi kuti lizipereka madzi mumzinda, ndipo lero ndi malo opumulirako, a mitengo yachilengedwe ndi miyala ikuluikulu. Pafupi pake pali Haka Game Park kumene ana angaone mbidzi ndi maso awo. Polowa amalipiritsa, ndiye funsiranitu mtengo mkati mwa sabata. Nthawi yokoma kwambiri ndi kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala, mitengo ya msasa ikamaphuka masamba ofiira. A ku Epworth ali ndi miyala yosanjikizana ya Chiremba, ija inkajambulidwa pa ndalama zamapepala za Zimbabwe. Alipo akuluakulu ambiri amene anaigwira pa ndalama zaka zambirimbiri koma sanaimepo pansi pake, ndipo zimenezi zimandimvetsa chisoni.

A kumadzulo, ku Kuwadzana, Dzivarasekwa, Warren Park ndi Mufakose, mtima umathamangira ku Lake Chivero, nyanja yochita kutseka pa mtsinje wa Manyame mu 1952. Ili pa mtunda wopitirira makilomita 30 kuchokera pakati pa tauni, ndipo njira yake ndi Bulawayo Road ya mathiraki ndi mabasi othamanga. Umenewu ndi ulendo wa akuluakulu ndi achinyamata ozolowera, osati wa ana a ku pulayimale. Mukafika, madziwo muwaone ndi maso okha. Muli ng'ona, ndipo ndi oipitsidwa kwambiri ndi zonyansa zochokera mumzinda, moti mu Disembala 2024 zipembere zinayi zinafa zitamwa madzi a m'nyanjayi. Ana a kumadzuloku ayambe ndi kuzungulira misewu yamkati mwa komboni, kapena kukacheza kwa azakhali ku Kambuzuma kapena ku Glen Norah. Kumeneko n'kupita kokayenda ndithu.

Nyamukani dzuwa likangotuluka. Lamlungu m'mamawa makombi ndi magalimoto onyamula anthu otchedwa mushikashika amakhala asanachuluke, ndipo mu Okutobala mumakhala mwabwerako kutentha kusanafike pachimake. Mu Juni ndi Julayi m'mawa kumazizira mpaka zala kuuma pa handulo, pakuti Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500. Valani juzi yoti mukhoza kuvula n'kumangirira pa kaliyala. Dzuwa la Juni limalowa cha m'ma 5:30, ndipo misewu yambiri ya m'makomboni usiku imakhala mdima wokhawokha. Nyali yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo zikhalepo ngakhale mukuganiza kuti mubwera kukadawala.

Pamsewu yendani kumanzere, mondondozana, wamkulu mmodzi patsogolo wina pambuyo, ana pakati. Choopsa kwambiri ndi kombi imene yakudutsani kumene: ikaona munthu waimika dzanja imakhotera kumanzere n'kuima pomwepo, chitseko n'kutseguka. Isiyireni mpata. Thiraki ikaima pamphambano musalowe kumanzere kwake, dalaivala sakuonani. Misewu ngati Simon Mazorodze, Seke Road ndi High Glen Road, muli ndi ana, tsikani muwoloke mukukankha njinga. M'nyengo yamvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, chithaphwi chilichonse muchilambalale, chifukwa pansi pake pakhoza kukhala dzenje lakuya kapena ngalande yopanda chivundikiro. Chipewa choteteza mutu chimaoneka chodula mpaka tsiku limene mwana wagwa. Ngati ndalama zikukwanira chimodzi chokha, chiyambe kuvalidwa ndi wamng'ono.

Pali ngozi ina ya pakhomo imene timaipeputsa. Mwana wokwezedwa pa kaliyala, miyendo ili lendelende, phazi lake limalowa m'masipoko ndipo chidendene chimasupuka koopsa. Muvekeni nsapato zotseka, mum'pangire popondera, ndipo mutchinge mbali zonse ziwiri za wilo ndi pulasitiki yolimba kapena kabolodi kopyapyala. Amayi opalasa atavala chitenje kapena siketi yaitali, aikwinyire m'mwamba pang'ono kapena avale buluku mkati, kuti nsalu isakodwe mu tcheni.

Anzathu opalasa a ku Borrowdale ndi Avondale amathera ulendo wawo pa khofi. Kupuma kotere kuli ndi nzeru yake, ndipo ifenso tili ndi kwathu koima. Sankhiranitu takishopu kapena mthunzi wa pa mtunda wa theka la ulendo, muwauze ana kuti tikapumira pakutipakuti. Mwana wodziwa kumene kuli mabanzi sadandaula chitunda. Botolo la maheu ozizira, maputi (mbuliwuli), nthochi, chimanga chootcha chotentha chogulidwa kwa mayi wa pambali pa msewu, mutakhala pamwala njinga zitagonekedwa pa udzu, zimakwana bwino lomwe. Tengani ndalama zing'onozing'ono, madola amodziamodzi kapena ZiG, poti chenje chimavuta ndipo si aliyense amene amalandira EcoCash. Achikulire okhaokha akhoza kukhotera kwa Mereki ku Warren Park kukadya nyama yootcha ndi sadza, koma wopalasa asalawe mowa, njira yobwerera ikadalipo.

Madzi akumwa nyamulani a kunyumba, owiritsa kapena othira mankhwala, lita imodzi munthu aliyense. Amene anakhala ku Budiriro ndi Glen View m'zaka za 2008 ndi 2018 akudziwa chimene kolera anachita, ndipo ludzu la panjira limamwetsa munthu madzi a pachitsime chimene sakuchidziwa. Ma freezit ogula m'njira nawonso mugule okhawo otsekedwa kufakitale. Kasopo kakang'ono kosambira m'manja musanadye sikalemera.

M'kachikwama ka pa kaliyala mukhale pampu, chubu chimodzi chapadera, zigamba ndi guluu, zotsegulira matayala, sipanala ya 15 ndi ya 10, ma Allen key a 4, 5 ndi 6, sanza, ndi loko. Guluu amene anatsegulidwa chaka chatha amakhala atauma, mufinyeni muone musananyamuke. Poima paliponse, ngakhale polowa m'shopu kwa mphindi imodzi, kolekani loko pa felemu ndi pa chitsulo chozikika, osati pa wilo lokha. Mukafika kunyumba pukutani fumbi kapena matope tsiku lomwelo, donthezaninso oyilo ngati munadutsa m'madzi, ndipo njingayo igone m'nyumba kapena pansi pa denga, osati pamtetete pomwe mvula ndi mame zingaipeze.