Za M'dimba Lathu: Maluwa a Fritillaria ndi a Kutchire Kwathu

WOULUTSA: Kalata yoyamba yachokera kwa amayi ena a ku Silverest, m'boma la Chongwe. Akuti: "Mwana wanga ali ku England wanditumizira chithunzi cha duwa lotchedwa fritillary, lofiirira, loweramitsa mutu. Ndalikonda kwambiri. Kodi lingamere pabwalo panga?" Abambo, awathandize.

KATSWIRI: Zikomo amayi. Duwalo ndi Fritillaria meleagris. Mukaliyang'anitsitsa lili ndi timadontho ngati nthenga za nkhanga, ndipo limachita maluwa mu April m'madambo a ku Ulaya. Koma abale ake ndi ambiri, mitundu yoposa 100, yonse ya kumpoto kwa dziko lapansi. Ku mapiri a Zagros ku Iran kuli Fritillaria imperialis, yotalika pafupifupi mita imodzi, maluwa achikasu kapena ofiira atalendewera mozungulira, pamwamba pake kansumbu ka masamba. Ku Kamchatka ndi ku Alaska kuli ina yoderako pafupifupi yakuda, imene anthu akumeneko amadya zapansi pake. Imene imandigwira mtima ine ndi Fritillaria delavayi ya kumapiri a ku China. Anthu aikumba zaka zambirimbiri kuchitira mankhwala a chifuwa, ndipo kafukufuku wa mu 2020 anasonyeza kuti kumene amaikumba kwambiri, yasanduka yotuwa ngati miyala yoizungulira, moti wokumba amavutika kuiona.

Tsono za pabwalo panu, amayi, ndikuuzeni zoona: musataye ndalama. Kanyezi kake kamafuna miyezi ya chisanu chenicheni kuti kadzuke, ndipo kuzizira kwathu kwa June ndi July sikukwanira. Mitundu yambiri imafunanso nthaka youma nyengo yotentha, pamene kwathu kutentha kumadza ndi mvula, kanyeziko nkuwolera pansi. Komanso mbewu yochokera kunja imafuna chilolezo cha boma, siyobisa m'chikwama.

WOULUTSA: Ndiye amayiwa angogwira njakata?

KATSWIRI: Ayi ndithu. Ku Silverest anthu akugula mapuloti m'mbali mwa Great East Road, ndipo ntchito yoyamba imakhala kulambula zonse mpaka dothi lokhalokha. Zimandiwawa, chifukwa m'tchire lotere ndi mmene mumamera flame lily, Gloriosa superba, duwa la fuko la Zimbabwe. Limatuluka ndi mvula, cha mu December ndi January, lofiira ndi chikasu, likukwera zitsamba ndi nsonga za masamba ake. Anzathu a ku Ulaya amaligula kuti alilere m'nyumba zagalasi, ife tikulitema ndi chikwanje. Musanalambule, yendani puloti yanu nthawi ya dzinja, muike chizindikiro pamene lamera, musiyepo kachigawo. Chenjezo limodzi lalikulu: chomera chonsechi ndi poizoni, makamaka zapansi pake, zimene mwana angaziyese mbatata. Chimapha. Ana ndi mbuzi zisachiyandikire.

WOULUTSA: Ina yachokera kwa bambo wogulitsa chikanda pamsika. Akufunsa ngati ndi zoona kuti chikanda ndi duwa.

KATSWIRI: Ndi zoona, bambo. Chikanda chimachokera ku tizinthu tapansi ta maluwa a orchid a m'madambo, monga Disa, Satyrium ndi Habenaria. Mukakumba mwachotsa chomera chonse. N'chifukwa chake chasowa m'madambo ambiri a ku Zambia, amalonda nkumakachitenga ku Tanzania, kumene boma linakhazikitsa Kitulo National Park mu 2005 makamaka pofuna kuteteza maluwa. Ku Nyika, phiri limene timagawana ndi Malawi, kuli mitundu ya orchid yoposa 200. Sindikuti musiye geni yanu, ana amadya pomwepo. Koma auzeni okukumbirani adikire maluwa afote ndi njere zimwazike, ndipo asamalize dambo lonse chaka chimodzi.

WOULUTSA: Nthawi yatithera. Makalata otsala, kuphatikizapo ya chiswe m'mitengo ya mapeyala, tidzawerenga sabata yamawa.