Mlongo wanga anamenyedwa, kodi bwalo la ICC lingamuteteze?

Mayi wina wachitsikana wa ku Malowera, m'boma la Maravia ku Mozambique, walemba kuti mlongo wake wa zaka 22 anamenyedwa ndi anyamata pochokera kumsika, ati chifukwa amakonda amuna anzake. Bambo awo akufuna kumutumiza kwa achibale ku Zambia kuti manyazi achoke pakhomo. Mayiyu anamva pawailesi za bwalo la milandu la ICC, ndiye akufunsa ngati angakadandaule kumeneko.

Mwana wanga, pukuta misozi, khala pansi timvane. Nkhani yotere si yachilendo m'makutu angawa, ndipo wachita bwino kusamutaya mlongo wako pamene ena akumuloza zala.

Tiyambe ndi bwalolo. Iwe, mtima wathamangira ku The Hague kumene kuli bwaloli pomwe ngakhale ku Fingoe, likulu la boma lanu, sunafike! ICC, yomwe inayamba ntchito mu 2002, siweruza kumenyedwa kwa munthu mmodzi pamsika. Imagwira milandu ikuluikulu, monga pamene boma kapena gulu la zida likusaka anthu a mtundu wina mwadongosolo, kuwapha kapena kuwazunza, makhoti a m'dzikomo atangopinda manja. Komanso Mozambique inasaina pangano la Rome lokhazikitsa ICC mu 2000 koma sinalowe m'bwaloli. Malawi ndi Zambia analowa mu 2002. Komabe bwaloli usalinyoze. Mu Julaye 2025 oweruza ake analamula kuti atsogoleri awiri a Taliban ku Afghanistan, Haibatullah Akhundzada ndi Abdul Hakim Haqqani, amangidwe chifukwa chozunza amayi, atsikana ndi anthu onga mlongo wakoyo. Kuwagwira ndi nkhani ina, koma zinalembedwa poyera kuti kusaka anthu oterewa ndi mlandu waukulu.

Chachiwiri, chishango chili pafupi. Kuyambira mu Juni 2015, lamulo la Mozambique silimanga munthu chifukwa chokonda mwamuna kapena mkazi mnzake. Olakwa apa ndi amene anamumenyawo. Mperekeze kuchipatala, musunge chikalata cha mabala ake, mulembe tsiku, malo ndi amene anaona. Kupolisi musapite awiri nokha, tengani wamkulu wodalirika. Ngati ndalama ya loya palibe, ofesi ya boma ya IPAJ imathandiza osauka pa milandu, ndipo bungwe la Lambda limaimira anthu ngati iyeyu. Koma yamba wamufunsa mwiniwake. Mlandu ukapita kupolisi mudzi wonse udziwa, ndipo amene adzayende m'njira zimenezo mawa ndi iye, osati iwe. Akati sanakonzeke, sungani maumboniwo, musamukakamize.

Chachitatu, apa ndikuuza mosapsatira: asawoloke malire. Bambo ako akuganiza kuti akumubisa, koma akumuchotsa pamthunzi kukamuika padzuwa. Ku Zambia, mu 2019, amuna awiri a ku Kapiri Mposhi anagamulidwa zaka 15 chifukwa chogonana amuna okhaokha. Ku Malawi, Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anagamulidwa zaka 14 mu 2010 pa mlandu wonga womwewo asanakhululukidwe ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika, ndipo mu 2024 khoti linakana kuchotsa lamulolo. Kumeneko akamenyedwanso adzaopa ngakhale kukanena.

Bambo akowo usawaone ngati mdani. Ndi mantha akuwadya: zonena za anthu, za kutchalitchi, zoti mwana wawo tsiku lina adzabwera atanyamulidwa. Usakalimbane nawo wekha. Pita kwa amalume ako, poti mwana wa mlongo wawo ndi mbumba yawo, akakhale nawo pansi. Ngati bambowo amalemekeza a Joaquim Chissano, mtsogoleri wakale wa Mozambique, uwakumbutse kuti mu 2014 analembera atsogoleri a mu Africa kuwapempha kuti anthu oterewa asamasalidwe.

Mlongo wakoyo ndiye ndikumudera nkhawa kwambiri. Mabala a pathupi apola, koma kumva kuti kwanu akufuna uchoke kumalasa mkati, ndipo achinyamata ena amafika poganiza zodzichotsera moyo. Usamusiye yekha masiku ano. Madzulo ano mupakulire nsima, mudyere limodzi pakhonde anthu akuona, kenako undilemberenso mmene amalume ayankhira.