Phunziro la Sabata Ino: Maluwa Akutchire ndi Agulugufe a ku Kuti

Kufupi ndi tawuni ya Salima, musanafike kunyanja, kuli malo otetezedwa a Kuti, okula mahekitala pafupifupi 2,000. Ambiri amapitako kukaona mbidzi, mphalapala ndi kadyansonga. Popeza kulibe mikango, alendo amaloledwa kuyenda pansi kapena pa njinga, ndipo woyenda pansiyo amaona zimene wa m'galimoto amaziphonya: timaluwa tomera pakati pa udzu nthawi ya dzinja, ndi agulugufe ataunjikana pamatope kumwa madzi.

Gulugufe amayamba ngati dzira, n'kukhala mbozi, n'kudzitsekera m'chikwa, kenaka n'kutuluka ndi mapiko. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mbozi sidya tsamba lililonse. Mtundu uliwonse uli ndi zomera zake. Gulugufe wamkulu wakuda wa mawanga achikasu amene amazungulira m'makomo amaikira mazira pa masamba a mandimu ndi malalanje. Mbozi yobiriwira imene mayi amaiphwanya pa mtengo wa mandimu ndi mwana wake. Chomera chikatha, gulugufe wake amathanso, ngakhale palibe anamugwira.

Apa ndi pamene pali vuto la moto. Si moto wonse woipa. Woyatsa mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse, umangowaula pamwamba ndipo zambiri zimapulumuka. Koma wa mu Seputembala ndi Okutobala, umene nthawi zambiri amayatsa osaka mbewa, umadya chilichonse: mazira, zikwa, njere za maluwa ndi timitengo tomwe. Phindu lake? Mpani umodzi wa mbewa, dambo lonse litapsa.

Wokhala m'tawuni angaganize kuti izi ndi za anthu akumudzi. Aganizire za maungu. Chomera chimodzi chimatulutsa maluwa aamuna ndi aakazi, ndipo popanda njuchi yonyamula mungu, kadzungu kamafota kasanakule. Njuchi zimagwira ntchito yaikulu kuposa agulugufe, koma zonse zimadalira maluwa akutchire pamene m'minda mulibe maluwa. Agulugufe akayamba kusowa pamalo, kawirikawiri chimakhala chizindikiro chakuti tizilombo tina tothandiza tikusowanso.

Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, anaphunzitsa kuti cholengedwa chilichonse chili ndi ulemu wake pamaso pa Mulungu, ngakhale chimene munthu sachidya kapena kuchigulitsa. Anatchulanso tizilombo ting'onoting'ono. Pa Mateyo 6:28-30, Yesu anasankha duwa lakutchire, losalimidwa ndi munthu, pophunzitsa za chisamaliro cha Atate.

Miphakati ingakambirane izi sabata ino: kodi bwalo lonse la pakhomo kapena la patchalitchi liyenera kupalidwa mpaka dothi? Kangodya kamodzi kosiyidwa ndi udzu ndi maluwa omera okha, kosathiridwa mankhwala, kamakwanira kuti agulugufe aikirepo mazira mvula ikagwa.